Mwana wanga anafera chiyani?

Mu Ogasiti 2005, Mayi Cindy Sheehan anakhoma tenti m'mphepete mwa msewu wopita ku famu ya George W. Bush ku Crawford, m'chigawo cha Texas. Pulezidentiyo anali patchuthi pafamupo. Mwana wa mayiwa, Casey, msilikali wa zaka 24, anaphedwa ku Sadr City mumzinda wa Baghdad pa 4 Epulo 2004. Masiku ochepa mayiwa asanafike, Bush anali atanena kuti asilikali amene atsikira kulichete ku Iraq afera chinthu cholemekezeka. Mayi Sheehan sanabwere ndi madandaulo ambiri. Ankangofuna kuti mwini mawuwo atuluke, awayang'ane m'maso, awauze kuti chinthu cholemekezekacho n'chiyani.

Bush anatuma akuluakulu awiri a ofesi yake kuti akalankhule nawo, koma iye sanatuluke. Mayiwa anakhala pamenepo mpaka kumapeto kwa mwezi, dzuwa likuswa mtengo, anthu ena akubwera kudzagona nawo panja, ena akuwatukwana kuti akuchititsa manyazi mwana wawo yemwe.

Ndiulule pompano kuti ine nkhondo imeneyi ndinaikhulupirira. Pa 9 Epulo 2003 ndinali maso tong'o pa TV pamene galimoto ya asilikali a America inkakoka chiboliboli cha Saddam Hussein pabwalo la Firdos. Chinapendekeka, kuima pang'ono ngati chikukana, kenako n'kuthyokera m'miyendo. Anthu anayamba kuchimenya ndi nsapato. Mtima wanga unadumpha. Ndinati wankhanza wagwa, ndipo amene akudandaula ndi anthu oti sanalaweko nkhanza. Saddam analidi chilombo. Anthu a ku Halabja amene anaphedwa ndi mpweya wa poizoni mu 1988 ndiwo mboni. Pa zimenezi sindinasinthe maganizo. Chimene chinandisokoneza ndi nkhani ina ya sabata lomwelo.

Boma litagwa, anthu anayamba kuthyola ndi kuba m'maofesi a boma, m'zipatala, m'masukulu. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dzikolo munabedwa zinthu pafupifupi 15,000, zina za zaka masauzande. Maunduna ambiri anatenthedwa. Koma pa unduna woona za mafuta panali asilikali a America, mfuti m'manja, ndipo palibe amene anayerekeza kulowa. Atafunsidwa za chisokonezocho, nduna ya zachitetezo Donald Rumsfeld inangoti zoterezi zimachitika. Munthu nyumba yake ikamapsa, chimene wathamangira kutulutsa choyamba chimakuuza kumene kuli mtima wake.

Zifukwa za nkhondoyo zinkasintha ngati bilimankhwe. Pa 5 Febuluwale 2003, Colin Powell, nduna ya zakunja ya America, anaima pamaso pa bungwe la United Nations atanyamula kabotolo kakang'ono, n'kulongosola za zida zoopsa zimene Iraq ankati akubisa. Zidazo sizinapezeke. Ankanenanso kuti Saddam ankagwirizana ndi zigawenga za al-Qaeda. Umboni wake unasowa. Zonse ziwiri zitagwa m'pamene mawu akuti demokalase anakwera pamwamba, ngati kuti ndiwo anali cholinga kuyambira pachiyambi. Mu 2016, kafukufuku wotsogoleredwa ndi John Chilcot ku Britain anapeza kuti dzikolo linalowa nkhondo njira zamtendere zisanathe. Pofika nthawiyo asilikali 179 a Britain anali atafera ku Iraq, a America oposa 4,400, ndipo anthu a ku Iraq amene anafa amawerengedwa m'masauzande mazanamazana.

Pali mafunso awiri amene timawasakaniza: chifukwa chimene msilikali amapitira kunkhondo, ndi chifukwa chimene amatumizidwira. Woyambayo ndi wosavuta kumumvetsa. Mnyamata amalowa usilikali chifukwa ntchito zasowa, kapena akufuna boma lidzamulipirire sukulu, kapena bambo ake anali msilikali, kapena amakondadi dziko lake. Zipolopolo zikayamba kulira, amamenyera mnzake amene wagona naye m'ngalande imodzi. Palibe bodza pamenepo. Koma wotumayo ali ndi vuto lake. Palibe mayi angapereke mwana wake kuti mtengo wa mgolo wa mafuta usakwere. Ndiye chifukwa chouza anthu chiyenera kukhala chachikulu molingana ndi maliro: ufulu, dziko, Mulungu, ana osalakwa.

Za ana osalakwazi, taonani zimene zinachitika mu 1990. Iraq italanda Kuwait pa 2 Ogasiti, anthu ambiri ku America sankaona chifukwa choti ana awo akafere mafumu olemera a m'chipululu. Mu Okutobala, mtsikana wa zaka 15 anaima pamaso pa aphungu ku Washington akulira, n'kunena kuti anaona asilikali a Iraq akuchotsa makanda m'makina owafunditsa m'chipatala, n'kuwasiya pansi kuti afe. Nkhaniyo inabwerezedwa kambirimbiri ndi aphungu ndi pulezidenti wa panthawiyo, bambo ake a George W. Bush. Nkhondo itatha zinadziwika kuti mtsikanayo anali mwana wa kazembe wa Kuwait ku America, ndipo umboni wakewo unakonzedwa mothandizidwa ndi kampani yolipidwa kuti ikope mitima ya anthu. Kuwait inalandidwadi mwaupandu, ndipo nkhanza zenizeni zinalipo. Koma Kuwait imene anakaimasulayo inali itatseka nyumba yake ya malamulo kuyambira 1986, ndipo amayi a kumeneko anayembekeza mpaka 2005 kuti aloledwe kuvota. Mkangano wa Saddam ndi Kuwait unali wa ngongole za nkhondo yake ndi Iran, mtengo wa mafuta umene ankati Kuwait ikuugwetsa, ndi zitsime za ku Rumaila za m'malire. Pothawa, asilikali ake anayatsa zitsime zoposa 600, ndipo moto womaliza unazimitsidwa mu Novembala 1991.

Galu wamkota sakandira pachabe. Kuti timve chimene maiko akuluakulu amakanda ku Middle East, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 100. Winston Churchill atayamba kuyang'anira gulu la nkhondo la pamadzi la Britain mu 1911, analimbikira kuti sitima zankhondo zisiye malasha, ziziyendera mafuta. Sitima ya mafuta imathamanga kwambiri ndipo sifuna chigulu cha anthu othira malasha m'ng'anjo. Vuto linali limodzi: malasha Britain inali nawo pakhomo, mafuta inalibe. Choncho mu 1914 boma linagula magawo 51 pa 100 alionse a kampani ya Anglo-Persian, yomwe inali itapeza mafuta ku Iran mu 1908. Kuyambira tsiku limenelo, chitetezo cha chilumba cha ku Ulaya chinamangiriridwa ku chitsime cha m'dziko la eni. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inangokhomerera phunzirolo. Japan inaukira doko la sitima zankhondo za America la Pearl Harbor mu Disembala 1941, miyezi yochepa America itaitsekera mafuta, n'kuthamangira zitsime za kumene lero ndi Indonesia. Hitler mu 1942 anatumiza asilikali ake kulowera ku Caucasus, maso ali pa zitsime za mafuta za ku Baku. Kasinja wopanda mafuta ndi chitsulo chabe. Pa 14 Febuluwale 1945, nkhondo isanathe n'komwe, pulezidenti wa America Franklin Roosevelt anakumana ndi Mfumu Abdulaziz ya Saudi Arabia m'sitima yankhondo ya USS Quincy pa ngalande ya Suez, ndipo ubale umene unayambira pamenepo ulipobe.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya Mohammad Mosaddegh wa ku Iran, chifukwa apa demokalase ndi mafuta zinakumana maso ndi maso, ndipo tikudziwa chimene chinasankhidwa. Ku Abadan kunali fakitale yoyenga mafuta yaikulu kuposa ina iliyonse padziko panthawiyo. Azungu a kampani ya Britain ija ankakhala m'nyumba za kapinga ndi maiwe osambiramo, pamene antchito ambiri a ku Iran ankakhala m'zisakasa za malo otchedwa Kaghazabad, kutanthauza mzinda wa mapepala. Ndalama zimene kampaniyo inkapereka ku boma la Britain ngati msonkho zinkaposa zimene inkapereka kwa Iran, mwini nthaka. Mu 1951 nyumba ya malamulo ya Iran inavomereza kuti mafutawo akhale m'manja mwa boma, ndipo Mosaddegh anakhala nduna yaikulu. Britain inatseka njira kuti mafuta a Iran asagulidwe. Mu Ogasiti 1953, akazitape a Britain ndi a CIA ya America analipira anthu ochita zipolowe ndi akuluakulu ena a asilikali, boma n'kugwa. Mosaddegh anakhala m'ndende zaka zitatu, kenako n'kutsekeredwa pakhomo pake mpaka imfa yake mu 1967. Kampani ija mu 1954 inasintha dzina kukhala British Petroleum (BP). CIA inadzavomera poyera mbali yake mu 2013, patatha zaka 60.

Mlandu suola. Mfumu ya Iran imene Britain ndi America anaibwezera pampando Mosaddegh atagwa inalamulira ndi apolisi achinsinsi mpaka anthu anaigwetsa mu 1979, ndipo ophunzira amene analanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran, n'kusunga anthu 52 kwa masiku 444, chaka cha 1953 anali asanachiiwale. Mu Januwale 1980, pulezidenti wa America Jimmy Carter ananena mosapsatira kuti dziko lililonse lakunja lofuna kulamulira dera la Persian Gulf lidzathamangitsidwa ndi njira iliyonse, kuphatikizapo nkhondo. Ndimamulemekeza pa chinthu chimodzi: sananamizire kuti akuteteza mavoti a munthu.

Pano ndiyenera kudzitsutsa pang'ono, chifukwa nditasiya kukhulupirira nkhondo ya Iraq ndinagwera mbali inayo, n'kumanena kuti anapita kukaba mafuta basi. Nazonso n'zoperewera. Mu 2009 boma la Iraq litagulitsa ziphaso zokumbira, chitsime chachikulu cha Rumaila chinapita kwa BP pamodzi ndi kampani ya boma la China ya CNPC. West Qurna 2 inapita kwa Lukoil ya ku Russia. Makampani a America anapezako gawo, monga ExxonMobil ku West Qurna 1, koma China, imene sinatumize msilikali ndi mmodzi yemwe, ndiyo inadzakhala m'gulu la ogula mafuta a Iraq ochuluka. Ngati kunali kuba, wakubayo anali wopusa, chifukwa ndalama zimene America inawononga pankhondoyo zikanagula mafuta ochuluka kwabasi pamsika. Komanso ku Vietnam ndi ku Afghanistan sanapite kukafuna zitsime. Mantha, kubwezera, kudzikuza kwa atsogoleri, chisankho chimene chikubwera, zonsezi zimatumiza anthu kunkhondo.

Chimene ndafika pochikhulupirira n'chakuti dziko lamphamvu silisamala kwenikweni kuti chitsime n'cha yani. Limasamala kuti mafuta asaleke kuyenda, ndiponso kuti dzanja limene lagwira mpopi lisakhale la mdani. Mu 1973 maiko a Aluya atachepetsa mafuta, mtengo wa mgolo umodzi, womwe ndi malita 159, unachoka pa madola atatu kufika pafupifupi 12, ndipo magalimoto anandandalika pamalo omwetsera mafuta ku America. Pakhwalala la panyanja la Hormuz, potulukira Persian Gulf, kwa zaka zambiri pakhala pakudutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta onse amene dziko limagwiritsa ntchito. Alan Greenspan, amene anatsogolera banki yaikulu ya America kwa zaka zoposa 18, analemba mu 2007 kuti nkhondo ya Iraq kwakukulu inali ya mafuta. Ine ndinganene motere: mafuta sayambitsa nkhondo iliyonse, koma ndiwo amasankha wankhanza amene atipweteke mtima chaka chino ndi amene timulandire ndi kapeti yofiira.

Mwezi wa Malichi 2011 unaonetsa zimenezi poyera. Pa 17, United Nations inaloleza nkhondo ya m'mlengalenga ku Libya kuti anthu wamba atetezedwe kwa Muammar Gaddafi. Masiku atatu m'mbuyo mwake, asilikali a Saudi Arabia anali atawoloka mlatho kulowa m'Bahrain kukathandiza mfumu ya kumeneko kuthana ndi anthu amene ankachita zionetsero zofuna ufulu womwewo. Ku Bahrain ndi kumene kuli likulu la sitima zankhondo za America za m'deralo. Palibe ndege inauluka kukateteza anthu amenewo. Mu Epulo 1994 ku Rwanda, kuphana kutayamba, United Nations inachepetsa asilikali ake kufika pa 270, ndipo anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Teodoro Obiang, amene analanda boma ku Equatorial Guinea mu 1979, anafika ku Washington mu 2006, nduna ya zakunja ya America Condoleezza Rice n'kumutcha bwenzi labwino. Mafuta a dziko lake anali atayamba kutuluka m'ma 1990. Ndipo ngati mukufuna kuseka, pitani ku Angola wa m'ma 1980: ku Cabinda, asilikali a Cuba ankalondera zitsime za kampani ya ku America kuti zigawenga za UNITA, zothandizidwa ndi boma la America lomwelo, zisaziphulitse.

Mbali ina ya nkhaniyi ili m'kati mwa maiko a mafutawo, ndipo imafika pa msonkho. Tonse timadana nawo, koma msonkho ndi chingwe chimene anthu amagwirira boma. Mfumu ikafuna ndalama za m'thumba mwako, iyenera kukupempha, ndipo wopemphedwa amafunsa kuti ndalamazo zikagwira ntchito yanji. Nyumba zambiri za malamulo zinabadwa pa mkangano umenewu. America yomweyo inagalukira Britain pokana kukhoma msonkho popanda woiyankhulira. Tsono taganizani boma limene ndalama zake zimatuluka pansi, kudutsa m'paipi, kukwera sitima, n'kubwerera ngati madola ku akaunti imene nduna zochepa zokha ndizo zimaidziwa. Boma lotere silipempha munthu. Limagawa. Ndipo wogawiridwa safunsa mafunso, amathokoza. Ku Saudi Arabia nzika sizikhoma msonkho pa malipiro awo. Mu 2011, maiko oyandikana nawo akuyaka, Mfumu Abdullah inalengeza ndalama pafupifupi madola 130 biliyoni za nyumba, malipiro ndi ntchito. Amene ndalama sizinawatseke pakamwa, panali apolisi olipidwa ndi mafuta omwewo. Katswiri wa ndale Michael Ross anasanthula ziwerengero za maiko ambiri mu 2001 n'kupeza kuti kudalira mafuta kumayenderana ndi kuchepa kwa demokalase.

Katswiri wina, Timothy Mitchell, anawonjezerapo mfundo imene sindinaiganizepo ndisanaimve. Malasha ankafuna anthu ochuluka zedi: okumba pansi, onyamula, a sitima za pamtunda, a padoko. Anthu amenewa akanyanyala ntchito, dziko lonse linkaima, ndipo mphamvu imeneyo inathandiza anthu wamba ku Ulaya kulanda ufulu wovota ndi malamulo oteteza antchito. Mafuta amayenda okha m'paipi. Amafuna akatswiri ochepa, kawirikawiri obwera, ndi alonda. Anthu okhala pamwamba pa chitsime sakufunika pa ntchitoyo, amangokhala chopinga. Anthu a mtundu wa Ogoni ku Nigeria anaziona. Ken Saro-Wiwa atatsogolera anthu ake kudandaula za mitsinje ndi minda yowonongeka ndi mafuta otayika, boma la asilikali la Sani Abacha linamunyonga pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu pa 10 Novembala 1995. Juan Pablo Pérez Alfonzo wa ku Venezuela, mmodzi mwa amene anayambitsa OPEC, bungwe la maiko ogulitsa mafuta, mu 1960, atakalamba ankatcha mafuta ndowe ya mdyerekezi.

Chimene chinanditengera nthawi kuti ndichione n'chakuti matenda omwewa ali kumbali ya otumiza asilikali. Nawonso anapeza njira yomenyera nkhondo osapempha anthu awo. America inasiya kukakamiza anyamata kulowa usilikali mu 1973, Vietnam itaonetsa kuti mwana wa aliyense akamatengedwa, makolo amadzaza misewu. Tsopano amapita ndi odzipereka okha, kagawo kochepa kwambiri ka anthu, ambiri ochokera m'mabanja oti si a nduna kapena a eni mabanki. Nkhondo ya ku Kuwait ya 1991 inalipiridwa kwakukulu ndi Saudi Arabia, Kuwait, Japan ndi Germany. Ya 2003 inamenyedwa ndi ngongole, ndipo mu Meyi chaka chomwecho Bush anasaina lamulo lotsitsa misonkho. Munthu wamba sanapemphedwe mwana, sanapemphedwe ndalama. Pa 15 Febuluwale 2003 anthu pafupifupi miliyoni anayenda m'misewu ya London kukana nkhondoyo, ndipo patangotha mwezi umodzi mabomba anayamba kugwa. Mfumu ya mafuta ndi pulezidenti wosankhidwa anafanana pa chinthu chimodzi chimenechi, kuti onse akanatha kupitiriza popanda kuyankha funso la munthu ngati Mayi Sheehan. Mwina n'chifukwa chake mu 2019 Donald Trump sanavutike n'kukometsera: ananena poyera kuti asilikali ena atsala ku Syria kuti asunge mafuta.

Anthu amakonda kutchula Norway ngati umboni woti mafuta si temberero, ndipo akunena zoona. Koma Norway inapeza mafuta ku Ekofisk mu 1969 ili kale ndi nyumba ya malamulo yolimba, makhoti, manyuzipepala ofunsa mafunso, ndi anthu ozolowera kukhoma msonkho wokwera. Chingwe chinalipo kale. Mu 1990 anakhazikitsa thumba losungiramo ndalama za mafuta, anayamba kuikamo mu 1996, ndipo mu 2017 linadutsa madola 1 thililiyoni. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mmodzi mwa anthu amene anathandiza kukonza dongosolo la mafuta a Norway anali wa ku Iraq. Farouk al-Kasim, katswiri wa za miyala wobadwira ku Basra, anasamukira kumeneko mu 1968 ndi mkazi wake wa ku Norway pofunira mwana wawo chithandizo cha kuchipatala. Analowa mu unduna wa za mafakitale kukafunsa za makampani amene angamulembe ntchito, n'kupeza kuti anthu oyang'anira za mafuta anali owerengeka pa zala. Anamulemba iwowo. Iye anali ataona kwawo zimene zimachitika makampani akunja ndi atsogoleri ochepa akamagawana chuma kuseri, ndipo anathandiza kulemba maganizo amene anabala kampani ya boma ya Statoil ndi bungwe lapadera loyang'anira ntchitoyo mu 1972.

Kwawo ku Basra ndi kumene kumachokera mafuta ambiri a Iraq. Dzikolo tsopano limachita zisankho, zipani zilipo zambirimbiri, koma pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a ndalama za boma amachokera ku mafuta, ndipo zipanizo zimagawana maunduna ngati nyama ya pamsampha. M'chilimwe cha 2018 anthu oposa 100,000 a ku Basra anapita kuchipatala atamwa madzi oipa. Magetsi ankazimazima kutentha kukufika madigiri 50, moto wa gasi wa pazitsime ukuwala usiku wonse chapatali. Achinyamata anapita mumsewu, anatentha maofesi a boma ndi a zipani, ena anawomberedwa.

Pa tsiku lija la chiboliboli, galimoto ya asilikali isanachigwetse, panali mwamuna wina wa matupi akuluakulu amene ankaswa tsinde lake ndi chihamala. Ndinamuona pa TV, ndipo ndinamuchemerera. Dzina lake ndi Kadhim al-Jabbouri, wokonza njinga zamoto, amene Saddam anamutsekerapo m'ndende ndi kumuphera abale. Mu 2016 atolankhani a BBC anamupeza n'kumufunsa za tsikulo. Anawauza kuti Saddam anapita, koma m'malo mwake mwabwera a Saddam 1,000.